Nthambi Ikufika ku Likulu, Koma Likulu Silikufika ku Nthambi

A Mkonzi,

Ndiloleni nditengeko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze nkhani imene ambiri amaiona ngati ya akatswiri a makompyuta okha, pamene zoona zake n'zakuti imakhudza aliyense amene ntchito yake imadalira kuti ofesi yaing'ono ya kutali ilumikizane ndi likulu la bungwe lake. Ndagwira ntchito yolumikiza manetiweki kwa zaka zingapo, ndipo funso limene ndafunsidwa kawirikawiri kuposa ena onse ndi lakuti, zikutheka bwanji kuti ogwira ntchito a ku nthambi akutsegula mafayilo a ku likulu popanda vuto, koma wa ku likulu akafuna kutumiza chikalata ku makina osindikizira a ku nthambi komweko, kapena kuona kamera ya pakhomo, zikukanika? Ambiri amathamangira kunena kuti chingwe chaduka kapena kuti kampani yopereka intaneti yalephera. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Chimene chimachititsa ndi njira inayake yosinthira maadiresi, imene akatswiri amaitcha NAT, makamaka mtundu wake umene umabwereketsa adiresi kwa kanthawi kenaka n'kuilanda. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito, koma ili ndi khalidwe lake, ndipo amene amavomereza kuti iikidwe m'bungwe ayenera kulidziwa khalidwelo asanasayine pepala lililonse.

Tiyambe ndi adiresi. Chipangizo chilichonse chimene chili pa netiweki, kaya ndi kompyuta, foni kapena makina osindikizira, chimakhala ndi nambala yochizindikiritsa, imene imagwira ntchito ngati keyala yolembedwa pa envulopu. Uthenga suyenda wathunthu, umadulidwa m'timapaketi, ndipo kapaketi kalikonse kamanyamula maadiresi awiri pamutu pake, ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita. Ndondomeko imene ikugwirabe ntchito kwambiri mpaka lero, ya IPv4, inalembedwa mu 1981, ndipo inapatsa adiresi iliyonse mabiti 32, ndiye kuti malo 32 olembapo 0 kapena 1, kutanthauza kuti maadiresi onse otheka ndi 4,294,967,296. Pa nthawi imene ija chiwerengerochi chinkaoneka chosatha, chifukwa makompyuta olumikizana anali ochepa, ambiri a m'mayunivesite ndi m'malo a kafukufuku. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinaonekeratu kuti maadiresi adzatha, ndipo anathadi, pakuti pa 3 February 2011 bungwe la IANA, limene limasunga nkhokwe yaikulu ya maadiresi, linagawa zigawo zake zisanu zomaliza kwa mabungwe asanu amene amagawira madera osiyanasiyana a dziko lapansi.

Akatswiri sanadikire kuti tsikulo lifike. Mu 1994 Kjeld Egevang ndi Paul Francis analemba chikalata chodziwika ndi dzina lakuti RFC 1631, m'mene anafotokoza kuti rauta, chipangizo chimene chimaima pamalire a netiweki n'kumalozera timapaketi njira, ikhoza kumasintha adiresi ya kapaketi pamene kakutuluka ndi kuibwezeretsa pamene yankho likulowa. Eni akewo anaiona njirayi ngati yongogwirizira podikira yankho lokhalitsa. Patapita zaka ziwiri, mu 1996, chikalata cha RFC 1918 chinakhazikitsa zigawo zitatu za maadiresi zimene aliyense angagwiritse ntchito mkati mwa netiweki yake popanda kupempha chilolezo kwa wina, zomwe ndi maadiresi oyamba ndi 10, a pakati pa 172.16 ndi 172.31, ndiponso oyamba ndi 192.168. Maadiresi amenewa saloledwa kuyenda pa intaneti, ndipo popeza ndi a aliyense, maofesi miyandamiyanda akhoza kukhala ndi manambala ofanana ndendende popanda mkangano, malinga ngati sakulumikizana. Pa mawu omalizawa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa tsiku limene bungwe laganiza zolumikiza nthambi zake ku likulu ndi tsiku limene manetiweki amene sankadziwana ayenera kuyamba kulankhulana.

Ndipereke chitsanzo chapafupi, cha manambala ongoyerekeza koma ofanana ndi amene ndimakumana nawo pa ntchito. Nthambi ina ili ndi makompyuta 40, onse a maadiresi oyamba ndi 192.168.1, ndipo ku likulu kuli seva ya maakaunti, kompyuta imene imasunga zolemba n'kumatumikira makompyuta ena, imene adiresi yake ndi 10.0.0.20. Woyang'anira netiweki wapatula kagawo ka maadiresi 14, kuyambira 10.50.3.1 mpaka 10.50.3.14, n'kunena kuti amenewa ndi a nthambi imeneyo, ndipo wawaika m'rauta ya ku nthambi ngati thumba lobwerekamo. M'mawa kalaliki wa pa kompyuta ya 192.168.1.23 akatsegula pulogalamu ya maakaunti, kapaketi koyamba kamafika pa rauta kali ndi adiresi yake yeniyeni. Rauta imayang'ana m'kaundula wake n'kupeza kuti kompyuta imeneyi ilibe mzere, choncho imatenga adiresi imene ili yomasuka m'thumba, tinene kuti 10.50.3.1, n'kulemba mzere watsopano wonena kuti kuyambira tsopano 192.168.1.23 izidziwika kunja ngati 10.50.3.1. Kenaka imafufuta adiresi yakale pamutu pa kapaketi, imalembapo yatsopano, imawerengetsanso nambala yotsimikizira kuti kapaketi sikanawonongeke panjira, popeza nambala imeneyo imadalira maadiresi omwewo, n'kukatumiza. Seva ikamayankha imayankha 10.50.3.1, chifukwa ndi yokhayo imene yaona. Rauta ya ku likulu imadziwa kuti chilichonse chopita ku kagawo ka 10.50.3 chiyenera kulowera ku nthambi ija, ndipo yankho likafika, rauta ya ku nthambi imawerenga mzere uja chobwerera m'mbuyo n'kupereka kapaketi kwa mwini wake. Kalaliki sadziwa kuti adiresi yake yasinthidwa, seva nayo sidziwa, ndipo zonsezi zimatha munthu asanaphethire.

Umenewu ndiwo mtundu umene timautcha wosinthasintha, pousiyanitsa ndi wokhazikika, umene woyang'anira amalemba yekha kuti chipangizo chakutichakuti chizidziwika ndi adiresi yakutiyakuti nthawi zonse. Mu mtundu wosinthasintha palibe amene ali ndi adiresi yakeyake ya kunja. Mzere umabadwa pamene kompyuta ya mkati yayamba kulankhula, ndipo umafa pamene kompyutayo yakhala chete kwa nthawi imene inaikidwa. Ndikupempha owerenga agwiritse mfundo imeneyi, yakuti kulumikizana konse kwa nthambi ndi likulu kwatsamira pa kaundula amene amalembedwa ndi mbali imodzi yokha, ndiponso amene anapangidwa dala kuti aziiwala, pakuti ubwino wa njirayi ndi zovuta zake zikuchokera pomwepo.

Ubwino wake ndinauona ndi maso pa bungwe lina limene linandiitana kuti ndikalithandize. Linali ndi nthambi zitatu, iliyonse inadzigulira rauta yake pa nthawi yake, ndipo palibe amene anasintha manambala amene marautawo anabwera nawo kuchokera ku fakitale, moti nthambi zonse zitatu zinali pa 192.168.1. Kwa zaka zambiri izi sizinavutitse aliyense. Atafuna kuti onse azigwiritsa ntchito seva imodzi ya ku likulu, panapezeka kuti makompyuta atatu osiyana, m'maofesi atatu otalikirana, onse akudzitcha 192.168.1.10, ndipo rauta ya ku likulu sikanatha kudziwa kuti yankho lipite kwa iti. Njira yolondola inali yopatsa nthambi iliyonse manambala atsopano, koma izi zinkafuna kuyendera chipangizo chimodzichimodzi, makina osindikizira, makamera ndi makina olembetsera nthawi yofikira pa ntchito, ndipo bungwelo silikanatha kuimitsa ntchito sabata imeneyo. Tinapatsa nthambi yoyamba thumba la 10.50.1, yachiwiri la 10.50.2, yachitatu la 10.50.3, ndipo pofika madzulo nthambi zonse zinali zikuiona seva popanda ife kukhudza kompyuta ngakhale imodzi. Likulu linkaona manetiweki atatu osiyana bwinobwino, pamene mkati mwake anali ofanana ngati mapasa. Zoterezi zimachitikanso makampani awiri akaphatikizana, kapena bungwe likafuna kulumikizana ndi lina limene silingaliuze kuti lisinthe manambala ake. Ndipo ngati likulu lenilenilo lili ndi manambala ofanana ndi a nthambi, rauta imayenera kusintha maadiresi onse awiri a kapaketi, ya kochokera ndi ya kopita, chifukwa kupanda kutero kompyuta ya ku nthambi ingaganize kuti seva ili mu ofesi yomweyo, osatumiza n'komwe kapaketi ku rauta.

Patangopita masiku awiri foni yanga inalira. Mkulu wa zachuma ku likulu ankafuna kusindikiza malisiti pa makina a ku nthambi yachiwiri, ndipo zinkakanika. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene ndayamba nalo lija. Makina osindikizira sayamba okha kulankhula, amangokhala phee kudikira kuti wina awatumizire ntchito. Popeza anali asanalankhulepo ndi likulu, analibe mzere m'kaundula, ndipo popanda mzere analibe adiresi iliyonse imene likulu likanawaitanira. Kapaketi kochokera ku likulu kakafika pa rauta ya ku nthambi kakufuna adiresi ya m'thumba imene sinabwereketsedwe kwa aliyense, rauta imangokataya, ndipo potero sikuti yalakwitsa, yachita zimene inauzidwa. Ngakhale makinawo atapeza mzere mwamwayi lero, mawa akhoza kupatsidwa adiresi ina, ndipo amene anasunga ya dzulo azitumiza malisiti ake ku kompyuta ya munthu wina. Chimene tinachita ndi kulemba mizere yokhazikika ya zipangizo zonse zimene ziyenera kufikiridwa kuchokera ku likulu, n'kuchotsa maadiresi a zipangizozo m'thumba lobwereketsa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma imafuna kuti munthu akhale pansi ndi ogwira ntchito, osati ndi zingwe zokha, n'kuwafunsa kuti ndani amayamba kuitana mnzake. Cholakwa chinali changa, chifukwa funso limenelo ndinkayenera kulifunsa tsiku loyamba lija.

Kuiwala kwa kaundula nako kuli ndi nkhani yake. Rauta singasunge mizere mpaka kalekale, apo ayi maadiresi sangabwerere m'thumba kuti ena abwerekeko. Choncho mzere uliwonse uli ndi wotchi yake. Pa marauta a kampani ya Cisco, ngati woyang'anira sanasinthe kanthu, mzere wamba umakhala maola 24 usanafufutidwe, wa uthenga wa mtundu wa UDP, umene umangotumizidwa popanda kutsimikiza kuti wafika, umakhala mphindi 5, ndipo wofunsira dzina pa DNS, njira yopezera adiresi ya chipangizo potchula dzina lake, umakhala mphindi imodzi yokha. Bungwe la IETF, limene limalemba ndondomeko za intaneti, linanena mu 2007 kuti mzere wa UDP usafe mphindi 2 zisanakwane, ndipo mu 2008 linanena kuti kulumikizana kwa TCP, mtundu umene mbali ziwiri zimatsimikizirana kuti uthenga wafika, kumene kwakhazikika kale kusadulidwe chifukwa chokhala chete pasanathe maola 2 ndi mphindi 4. Si zipangizo zonse zimene zimatsatira uphungu umenewu. Zotsatira zake amazidziwa bwino kalaliki amene wadzaza fomu yaitali, waitanidwa ku msonkhano, ndipo pobwerako wadina kuti asunge ntchito yake koma pulogalamu yangouma gwa. Kompyuta yake ikukhulupirira kuti ikulankhulabe ndi seva, seva nayo ikukhulupirira chimodzimodzi, koma mzere umene unkaziphatikiza unafufutidwa iye ali ku msonkhano, ndipo kapaketi kake katsopano kafika ku likulu ndi adiresi ina imene seva sikuizindikira. Mankhwala ake ndi kutalikitsa wotchiyo, kapena kuuza pulogalamu kuti izitumiza kauthenga kakang'ono pafupipafupi kongosonyeza kuti ikadalipo.

Koma kutalikitsa wotchi kumabereka vuto lina. Thumba lija lili ndi maadiresi 14, ndipo ngati wobwereka aliyense akusunga yake tsiku lathunthu, munthu wa nambala 15 sapezamo kanthu. Kwa iye netiweki yafa, pamene mnzake wa pa desiki yoyandikana akugwira ntchito bwinobwino, ndipo mawa zikhoza kutembenuka, wosowa wa dzulo n'kukhala woyamba kupeza. Vuto loyendayenda chonchi limazunguza mutu kwambiri, ndipo ndinaonapo kompyuta yabwinobwino ikuchotsedwa chifukwa cha vuto limeneli, pamene kungoyang'ana m'kaundula wa rauta kukanasonyeza mizere 14 yodzaza, ina mwa iyo itatengedwa ndi mafoni a ogwira ntchito amene analowa pa Wi-Fi ya mu ofesi n'kuyamba kufunsa maina pa seva ya ku likulu. Pa chifukwa chimenechi manetiweki ambiri amagwiritsa ntchito mtundu wina umene umawonjezera nambala ya port pa mzere uliwonse. Port ili ngati nambala ya chipinda m'nyumba yaikulu ya keyala imodzi, ndipo popeza ili ndi mabiti 16, pali manambala 65,536 pa adiresi iliyonse. Ndi njira imeneyi makompyuta onse 40 akhoza kutuluka ndi adiresi imodzi yokha, rauta n'kumawasiyanitsa ndi port imene yapereka pa kulumikizana kulikonse. Ndi mmene rauta ya m'nyumba imagwirira ntchito, ndipo thumba silitha msanga. Choipa chake n'chakuti ku likulu nthambi yonse imaoneka ngati munthu mmodzi.

Apa ndi pamene mtima wanga uli kwenikweni, chifukwa nkhaniyi imasiya kukhala ya makina n'kukhala ya anthu. Seva imalemba amene walowa, nthawi imene walowa ndi adiresi imene wachokera. Tsiku lina pakapezeka kuti wina anasintha malipiro kapena anakopera mafayilo osayenera, ofufuza amatsegula zolembazo n'kupezamo 10.50.3.7. Akapita ku nthambi patapita masiku n'kufunsa rauta kuti 10.50.3.7 ndi ndani, idzawalozera kompyuta imene yabwereka adiresiyo lero, osati imene inali nayo pa ola limene cholakwacho chinachitika. Munthu wosalakwa akhoza kuimitsidwa ntchito chifukwa cha nambala imene kompyuta yake inabwereka mwini mlandu atachoka kalekale. Ichi si chinthu chopepuka, ndipo mbiri ya munthu ikaipa kamodzi imavuta kuikonza ngakhale choonadi chitadziwika pambuyo pake. Bungwe lililonse limene likugwiritsa ntchito maadiresi obwereketsa liyenera kuonetsetsa kuti rauta ikutumiza ku malo otetezeka mbiri ya mzere uliwonse, nthawi imene unabadwa ndi imene unafa, ndipo ngati ndi mtundu wa port uja, seva nayo izilemba port, chifukwa pamenepo adiresi payokha siuza munthu kanthu. Mawotchi a rauta ndi a seva azitenga nthawi pa gwero limodzi kudzera mu NTP, ndondomeko yofananitsira mawotchi pa netiweki, pakuti kusiyana kwa mphindi zochepa chabe kukhoza kulozetsa chala munthu wina. Chilolezo cholowera m'zinthu zofunika chisamaperekedwe potengera adiresi, koma potengera dzina la munthu ndi mawu ake achinsinsi. Ndikunena motsindika kuti ngati mbiri ya kaundula palibe, adiresi yokha isagwiritsidwe ntchito ngati umboni woweruzira aliyense.

Pali chikhulupiriro china chofala chimene ndikufuna kuchitsutsa, chakuti popeza akunja sangayambe kuitana a mkati, ndiye kuti NAT ndi chitetezo chokwanira. N'zoona kuti imabisa manambala a mkati ndipo imataya timapaketi topanda mzere, koma izi ndi zotsatira chabe za kagwiridwe kake ka ntchito, siinapangidwe kuti izisiyanitsa mdani ndi bwenzi. Pulogalamu yoipa imene yalowa kudzera pa imelo imayamba kulankhula kuchokera mkati, ndipo rauta imaibwereketsa adiresi monga imachitira ndi wina aliyense, n'kuiperekeza mpaka pa seva ya ku likulu. Kuwonjezera apo, mu mtundu wosagwiritsa ntchito port, mzere ukangobadwa umaphatikiza adiresi yonse ndi kompyuta yonse, moti pa marauta ena aliyense wa mbali inayo akhoza kufika pa kompyutayo nthawi yonse imene mzerewo uli moyo. Ntchito yosankha zololedwa ndi zoletsedwa ndi ya firewall, mlonda wa pakhomo la netiweki, ndipo malamulo ake ayenera kulembedwa paokha.

Sindikhalitsa pa mapulogalamu amene amalemba adiresi yawo mkati mwa uthenga m'malo mwa pamutu pokha, koma ndiwatchuleko. FTP, njira yotumizira mafayilo imene ndondomeko yake yodziwika inalembedwa mu 1985, imatero, ndipo SIP, imene mafoni ambiri a pa netiweki amagwiritsa ntchito, imateronso. Rauta imasintha envulopu koma kalata ya mkati imatchulabe adiresi yakale, n'chifukwa chake foni ya ku nthambi imatha kulira, munthu n'kuyankha, koma mawu n'kumamveka mbali imodzi yokha. Marauta ena amatha kutsegula uthenga n'kukonza adiresiyo, koma uthengawo ukakhala wobisidwa sangathe.

Chofunika kuposa apa ndi mpita wobisika, wotchedwa VPN, umene nthambi zambiri zimadutsamo popita ku likulu. Kawirikawiri nthambi ilibe chingwe chakechake chofika ku likulu, imadutsa pa intaneti, ndipo kumeneko kumakhala kusintha kwina kwa adiresi kumene woyang'anira alibe nako mphamvu. Makampani ambiri opereka intaneti, makamaka a mafoni, amaika makasitomala awo kuseri kwa NAT yawoyawo yaikulu, ndipo mu 2012 chigawo choyambira pa 100.64 chinapatulidwa chifukwa cha ntchito imeneyi. Motero kapaketi ka ku nthambi kakhoza kusinthidwa kawiri kapena katatu kasanafike kumene kakupita. IPsec, ndondomeko yobisira uthenga imene mipita yambiri imagwiritsa ntchito, poyamba sinkagwirizana ndi zimenezi, chifukwa gawo lake lina limakana kapaketi kalikonse kamene adiresi yake yasinthidwa panjira, ndipo gawo linalo lilibe nambala ya port imene rauta ingagwirepo. Mu 2005 panakhazikitsidwa njira yokulunga timapaketi timeneti mu UDP pa port 4500, pamodzi ndi kauthenga kotumizidwa masekondi 20 aliwonse kuti mzere wa panjira usafe. Tanthauzo la zonsezi kwa bungwe ndi lakuti likulu liyenera kukhala ndi adiresi ya pa intaneti yokhazikika, nthambi ndiyo imayamba kuitana, ndipo mpita ukagwa likulu silingaudzutse, limangodikira kuti nthambi iitanenso. Nthambi ziwiri zikafuna kulankhulana, kawirikawiri zimadzera ku likulu, choncho chingwe cha ku likulu chiyenera kukhala chokwanira kusenza katundu wa onse.

Cholakwa chimene ndachikonza kambirimbiri pa malo amenewa chimakhudza dongosolo la zochitika mkati mwa rauta. Rauta imodzi yomweyo imasintha maadiresi a opita ku intaneti komanso a opita ku likulu, ndipo ngati lamulo la ku intaneti linalembedwa mokulira, limagwira ndi timapaketi topita ku seva tomwe n'kutipatsa adiresi ya pa intaneti. Pa marauta a Cisco, kapaketi kotuluka kamasinthidwa adiresi kasanabisidwe, choncho mpita ukakayang'ana sukazindikiranso kuti ndi kake, ndipo kamatulukira khomo lolakwika n'kutayika. Timagetsi tonse ta pa rauta timakhala tikuyaka bwino, mpita ukuoneka kuti ulipo, koma palibe chimene chikudutsamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamenepa munthu amayenera kukhala pansi, kutumiza kapaketi kamodzi kokha, n'kuyang'ana mzere umene kabereka m'kaundula, kuti aone ngati kapatsidwa adiresi ya m'thumba la ku likulu kapena ya ku intaneti.

Sindikunena kuti njirayi izipewedwa, koma kuti izitengedwa monga anaitengera amene anaiyambitsa, ngati yogwirizira. Bungwe limene likutsegula nthambi zatsopano lero lilibe chifukwa chodziponyera m'mavuto amenewa. Chigawo cha manambala oyamba ndi 10 chili ndi maadiresi 16,777,216, okwanira kudulidwa m'manetiweki 65,536 a maadiresi 256 iliyonse, ndipo pepala limodzi lolembedwa nthambi isanatsegulidwe, lonena kuti iyi ndi 10.1 ndipo iyo ndi 10.2, limachotsa kufunika kosintha adiresi pakati pa nthambi ndi likulu. Zikatero seva imaona kompyuta iliyonse ndi nambala yake yeniyeni, makina osindikizira amafikirika, ndipo zolemba za seva zimakhala zosavuta kuzitsata. IPv6, ndondomeko yolowa m'malo mwa IPv4, imene adiresi yake ili ndi mabiti 128, inalikonzekera vutoli pasadakhale, chifukwa ngakhale maadiresi ake a mkati, amene anakhazikitsidwa mu 2005, ali ndi mabiti 40 osankhidwa mwamaere n'cholinga chakuti mabungwe awiri akadzalumikizana asadzapezeke ndi manambala ofanana. Kwa inu akuluakulu a mabungwe amene mumasayina mapangano ndi oika manetiweki, pempho langa n'lakuti musanalandire ntchito muzifunsa kuti thumba lili ndi maadiresi angati poyerekeza ndi zipangizo zimene zilipo, ndi zipangizo ziti zimene zapatsidwa mizere yokhazikika, mbiri ya kaundula ikusungidwa kuti komanso kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati pali tsiku limene nthambi zidzapatsidwe manambala awoawo. Woika netiweki wodziwa ntchito yake sadzakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Bungwe la nthambi zitatu lija linadzavomera kusintha manambala patapita miyezi ingapo, nthambi imodzi pa nthawi, pa masiku amene ofesi inali yotseka. Makompyuta sanavute, chifukwa amalandira okha adiresi kuchokera ku rauta akangoyatsidwa. Zimene zinatidyera nthawi ndi zipangizo zimene wina anazilembera adiresi pamanja zaka zambiri zapitazo, makamaka makina osindikizira, amene tinayenera kuwachotsa ndi kuwaikanso pa kompyuta iliyonse. Nthambi ikatha, tinkachotsa thumba lake m'rauta. Panatsala chipangizo chimodzi ku nthambi yachitatu, makina akale olembetsera nthawi yofikira pa ntchito, amene mawu ake achinsinsi anatayika ndipo adiresi yake sitikanatha kuisintha. Amenewo tinawasiyira mzere umodzi wokhazikika, ndipo pambali pake ndinalembapo tsiku, chifukwa chimene mzerewo unatsalira, ndi mawu ouza amene adzabwere pambuyo panga kuti adzaufufute makinawo akadzachotsedwa.

Ine wanu,
Wowerenga wogwira ntchito yolumikiza manetiweki